Mmene ndinayetsemulira sayansi ya masiku 3

Popeza theka la Ngabu lamva kale kuti ndinayera ngati wochokera ku chigayo, ndibwino ndifotokoze ndekha ena asanathiremo mchere.

Sunali ufa wa chimanga ayi. Inali zinc oxide, imodzi mwa zinthu zotchedwa semiconductor, zimene sizilola magetsi kudutsa momasuka ngati waya wa kopa komanso siziwatsekereza ngati mphira. Cholinga changa chinali kupanga tizidutswa tosapitirira mananomita 100, ndipo nanomita ndi chigawo chimodzi cha mita yogawidwa zigawo 1 biliyoni. M'malo mwa mankhwala aukali a m'fakitale, ndinawiritsa masamba a sangowa, amene ena amati chammwamba, ndinasefa msuzi wake pa chitenje, n'kuusakaniza ndi zinc acetate, mankhwala amene zinc oxide amachokerako, chifukwa zimene zili m'masambamo zimakuta tizidutswato kuti tisakule. Phala lotsalalo limafuna moto wa madigiri pafupifupi 400. Ndivomere kuti pa ntchito yosawononga chilengedweyi ndinatha theka la thumba la makala.

Tsiku lachitatu ufawo unali wachikasu pambaula, ndipo utazizira unayera mbuu, monga mmene zinc oxide imachitira. Wonse unangokwana pa sosala. Ndinaunyamula ndi manja awiri kupita nawo pakhonde pamene panakhala apongozi anga, amene anali atandibwereka poto wawo mosakondwa. Ndinagwada mwaulemu, ndinayamba kulongosola kuti asayansi Bawendi, Brus ndi Ekimov analandira mphoto ya Nobel mu 2023 chifukwa cha tizidutswa ta mtundu wotere, ndiyeno mphuno inandiyabwa.

Ndinalimbana nayo. Ndinatseka maso, ndinaluma mlomo, ndinapemphera chamumtima m'Chichewa ndi m'Chisena momwe, koma manja onse anali pa sosala. Kuyetsemula kwake kunamveka mpaka ku Bangula, ndipo ndikukhulupirira kuti mvuu za mu Shire zinamira ndi mantha. Mtambo woyera unakwera, unaima pang'ono ngati ukuganiza, kenako unatera pa nsidze, pa ndevu ndi m'makutu mwanga.

Apongozi anayang'ana kumbali monga mwa mwambo, mapewa awo akugwedezeka, n'kunena motsitsa kuti, "Pepani bambo, kodi mgaiwa wa ku sukulu umangokhala wochepa chonchi?"

Oseka adziwe kuti zinc oxide ndi imene amaika m'mafuta oteteza khungu ku dzuwa, choncho m'kutentha konse kwa Okutobala uja, munthu wotetezeka m'chigwa chonse ndinali ine ndekha. Poto uja sindinabwezebe, ndikumukwechabe.