Sabata ya timakompyuta ta masewera ndi mawaya ake

Lolemba mnyamata wina anandibweretsera kuti ndimukonzere kakompyuta kake ka Mini-ITX (mtundu wa makompyuta a bokosi laling'ono) kamene kankangozima kokha masewera akafika potentha. Nditatsegula, ndinapeza graphics card (khadi lotulutsa zithunzi pa sikirini) ikulandira magetsi kudzera pa adaputa yochokera pa waya wa SATA (wopereka magetsi ku zosungira mafayilo) kupita ku 8-pin (pulagi ya mapini asanu ndi atatu ya khadilo), ndipo pulasitiki yake inali itayamba kupserera. Ndinachita mantha. Mutu wa SATA umanyamula mawati pafupifupi 54 pa 12V, pamene khadi limaloledwa kukoka mpaka mawati 150 pa 8-pin. Adaputa yotere imangosintha kaonekedwe ka pulagi, mphamvu siwonjezera. Ndinaichotsa, ndipo tinaikamo power supply (chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta) yaing'ono ya mtundu wa SFX yokhala ndi waya wakewake wa khadi.

Amene ananditengera nthawi ndi bambo wina wa Lachitatu. Ankafuna khadi la RTX 4070 m'kabokosi kopyapyala kolandira magetsi kuchokera ku adaputa yakunja, yonga ya laputopu, ya mawati 240. Khadi limeneli palokha limadya mawati 200, purosesa isanawerengedwe. Ndiye pali zinanso zomwe sizilembedwa pa bokosi: makhadi amakono amatha kukoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepetsetsa, n'chifukwa chake muyezo wa ma power supply wa ATX 3.0 wa mu 2022 umafuna kuti power supply zikuluzikulu zipirire kuwirikiza kawiri mphamvu yolembedwa kwa mamaikurosekondi 100. Adaputa yakunja ikakumana ndi zimenezi nthawi zambiri imangodula.

"Bambo, pano tisankhepo chimodzi," ndinawauza. "Bokosi lokulirapo lolowa SFX, kapena RTX 4060 ya mawati 115." Kabokosiko anali atakakonda kwambiri, choncho anatenga khadi laling'onolo. Kwa ine anasankha bwino.

Lachinayi linali la mafani ndi fumbi basi.

Lachisanu, pa kompyuta ina, ndinalimbana ndi waya wa khadi wa 12VHPWR, uja wonyamula mpaka mawati 600, amene anamveka akusungunuka pa makhadi ena a RTX 4090. M'bokosi lothina chitseko chimakankha wayayo n'kumupinda pafupi ndi mutu, mapini n'kusiya kugwira mokwanira, kenako amatentha. Ndinamudutsitsa njira ina kuti apindike patali, n'kumukankha mpaka kachogwirira katalira.

Mwini kompyutayo anabweretsanso thumba la mawaya a power supply yake yakale kuti tigwiritse ntchito afupiafupi. Ndinawabweza onse. Mbali yolowa mu power supply makampani amayala mapini mosiyana, ndipo waya wolowa bwinobwino akhoza kupereka 12V pamalo olakwika n'kuwotcha chipangizo.