Ulendo wathu wa ku Chikwawa: jekete la a tcheyamani ndi mkangano wa minda

Lipoti la ulendo wa gulu lathu la alimi wokaphunzira za ulimi wothirira ku Chikwawa ndakhala ndikulonjeza chibwerereni, ndiye nali, kuti a msungichuma asiye kundiyang'ana ndi diso lija pamsonkhano uliwonse.

Tinanyamuka kwathu ku Tsangano tambala asanalire, chisanu chikuluma zala. A tcheyamani anavala jekete lawo lija la maukwati, mkati muli juzi, m'khosi mpango. Pa Zalewa tinawachenjeza kuti kumene tikupitako si ku Ntcheu, koma iwo anati munthu wamkulu sakaonana ndi alangizi atavala ngati akupita kudimba. Titadutsa Blantyre n'kuyamba kutsetsereka phiri lopita ku Thabwa, minibasi inayamba kununkha mphira wopsa. Dalaivala anaimika pambali, mabuleki akufuka utsi. Amayi athu a mandasi anayamba nyimbo ya kwaya, pomwe a mlembi wachiwiri anatsika n'kulumbira kuti akafika wapansi. Tinakhala pamenepo ola lathunthu, chigwa chonse cha Shire chikuoneka pansipa ngati mphasa. Pomwe timakweranso, jekete linali litavulidwa, juzi nayo, mpango uli kupukuta thukuta, a tcheyamani atatsala ndi vesiti akudzikupiza ndi pepala la pologalamu. Amene mwamva tikuwatchula kuti "a Vesiti" musadabwenso.

Za maphunziro nazi. Alangizi anatifotokozera za masomphenya a chitukuko cha dziko otchedwa Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021 kulowa m'malo mwa Vision 2020. Nsanamira zake ndi zitatu: ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa mizinda, ndipo gawo loyamba ndi la zaka khumi, mpaka 2030. Kenako anatitengera kukaona ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe imayambira ku Kapichira, pa damu lopangira magetsi la pa mtsinje wa Shire. Cholinga n'chakuti madzi a mu Shire aziyenda okha popanda injini, n'kuthirira mahekitala 43,370 ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank. Anatikumbutsanso kuti namondwe Ana anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. N'chifukwa chake zigayo zinkangokhala chete chaka chimenecho. Ngalandeyo, abale, ngolo ikhoza kutembenukiramo ng'ombe zake zili pagoli. Ife a ndowa ndi ma treadle pump tinangogwira pakamwa.

Nkhomaliro tinadya nsima ya mapira ndi mlamba wowamba wotendera. Gogo wathu anayang'ana nsimayo n'kufunsa ngati ufa unagwera pansi, koma ndi iwo omwe anamaliza mitanda itatu n'kupemphanso msuzi. Kachewere amene tinatenga ngati mphatso anafika atayamba kutuluka thukuta m'thumba, komabe anzathuwo anamulandira ndi nthungululu.

Mkangano unabadwira pankhomaliro pomwepo. Mlimi wina wa kumeneko anatiuza kuti kuti upindule ndi madzi amenewa, minda imaphatikizidwa kukhala umodzi pansi pa kopaletivi, monga anachitira alimi a nzimbe a ku Phata omwe amagulitsa ku fakitale ya shuga ku Nchalo. Munthu sulimanso kachigawo kako wekha, umalandira gawo la phindu molingana ndi malo amene unapereka. A msungichuma maso anawala, anati nafenso tiphatikize madimba athu a m'mbali mwa mtsinje, tigule solar pump imodzi yaikulu. Gogo anaika mtanda pansi. "Dimba limene anandisiyira amayi anga ndilifafanize malire? Mawa adzukulu anga adzaloza pati?" Wina anati 2063 tonse tidzakhala tili kumanda, wina n'kuyankha kuti mitengo ya mapichesi imene timadya lero anadzala ndi anthu amene sanalaweko. Ine ndinali mbali ya a msungichuma, sindibisa, koma funso la gogo mpaka lero sindinalipezere yankho. Nkhaniyi inatiperekeza mpaka pa Lunzu, pomwe inathera pa chimanga chootcha. Tagwirizana kuti ilowe pamndandanda wa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo a nyakwawa aitanidwe.

Zikomo amayi a mandasi chifukwa cha beseni lija, ngakhale theka linathera pa phiri chifukwa cha mantha. Zikomo dalaivala, pobwerera munakwera phiri lija ndi giya yoyamba osadandaula. Zikomo anzathu a ku Chikwawa potipirira ndi Chisena chathu chothyokathyoka, tikukudikirani mu Juni, mubwere ndi mabulangete. A mlembi wachiwiri, ndalama ya kabaza amene anakutolani pa Thabwa sichokera m'thumba la gulu. Ndipo amene anatsala ndi mpango wa a Vesiti aubweze Lachinayi, mayi a kunyumba akuufunsa.