Amayi anga samwa madzi akakwera basi

Amayi anga adapitirira zaka 70. Tsiku lokwera basi kuchoka ku Kasungu kupita ku Blantyre, tiyi wam'mawa amamusiya dala, madzi osakhudza n'komwe. Ngozi zapamsewu saziopa kwenikweni. Chimene amaopa n'kuimirira pakati pa anthu n'kupempha dalaivala kuti aime kaye akataye madzi.

Ulendowu ndi wa makilomita oposa 400, ndipo ukaphatikiza kudikira kuti basi idzaze pa depoti ya ku Lilongwe, tsiku lonse limathera m'njira. Mapiritsi a BP amene amamwa ndi aja okodzetsa pafupipafupi, ndiye tsikulo amawalumphanso. Taganizani, munthu akupita kukaonana ndi dokotala, koma wayamba n'kusiya mankhwala chifukwa cha chimbudzi. Odwala shuga zawo n'zoposa apa, chifukwa ludzu siliwachoka, komanso amayenera kudya pa nthawi yake.

Dalaivala akaima pa Ntcheu n'kukuwa kuti "mphindi zisanu zokha!", amawerengera miyendo ya mnyamata. Gogo ayambe wasuntha katundu amene wadzaza m'kanjira, atsike masitepe limodzilimodzi, afufuze ndalama yolipira kuchimbudzi pamfundo ya chitenje, kenako aime pamzere. Asanalowe n'komwe, hutala walira. Amayi adandiuza kuti akamva hutala ameneyu amangobwerera osadzithandiza, kuopa mawu a kondakitala aja akuti, "Agogo, mukutichedwetsatu!" basi yonse ikumva. Madalaivala ena amangoima patchire, amuna uku akazi uko. Kwa mayi wa mawondo opweteka, kunjuta m'udzu pafupi ndi atsikana a msinkhu wa adzukulu ake si chinthu chapafupi, ndipo ambiri amangokhala pampando n'kupirira.

Akafika pa depoti ya Wenela ku Blantyre, mapazi amakhala atatupa moti nsapato amazivula, mutu ukuwawa. Kukhala maola ambiri osatambasula miyendo, m'thupi mulibe madzi, kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha, makamaka kwa okalamba.

Zinazo mukuzidziwa: kunyamuka munthu asanakhale pansi, kumenya mabuleki mwadzidzidzi pamabampu, wayilesi yokweza moti ngakhale gogo atadandaula palibe angamve.

Sindikuti madalaivala ndi anthu oipa mtima. Mwini basi amawaimbira foni kufunsa pamene afika, marodibuloko amawadyera nthawi, ndipo mnzawo akawapitirira amakatola anthu onse patsogolo. Koma ndidakwerapo basi ina imene dalaivala, bambo wa imvi zake, asanachoke mu Lilongwe adatembenuka n'kunena kuti, "Makolo, tiima ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo sitinyamuka wina asanabwere. Amene muli pa mankhwala, imwani." Agogo awiri amene adakhala kutsogolo kwanga adatulutsa mabotolo awo nthawi yomweyo. Ku Blantyre tidafika nthawi yabwinobwino.

Masiku ano ndikamaperekeza amayi, ndimawapezera mpando wapafupi ndi chitseko, kenako ndimatengera kondakitala pambali. Ndimati, "Achimwene, awa ndi amayi anga, ali pa mankhwala. Mukaima muziwadikira, ndipo akapempha kuima musawakalipire." Ena amagwedeza mutu, mwinanso kuwanyamulira chikwama. Ena amandiyang'ana ngati ndapempha kuti basi ikhotere ku Mangochi.