Malume a masamu pa bolodi

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 3, ndiye tsiku lina magetsi atathima ndinamupeza akulimbana ndi homuweki ya masamu pa tochi ya foni. Ndinati bwera nazo kuno iwe, izi ife tinkazimwa ngati thobwa. Iye nkuti malume pa MSCE masamu munapeza chani? Pakamwa panangotuluka 2. Pa satifiketi pali 8 koma mwana sakanadziwa.

Loyamba linali simplify (x² − 9) pa (x² + 3x). Ndinaseka kaye. x² pamwamba, x² pansi, khwaa khwaa ndakansela, kutsala −9 pa 3x, ansala −3 pa x, basi. Mwana uja anayesa kunena kuti koma malume asala anati tiziyamba ndi factorise, ndinamuuza kuti imeneyo ndi njira yotayitsa nthawi, lemba.

Lachiwiri kunali circle, AB ndi diameter, C ali pa mzere wozungulirawo, akuti prove kuti angle ACB ndi 90°. Ndinatulutsa protractor mu seti yake nkuyeza, inandipatsa 88, ndinati vuto ndi pensulo yonenepa, lemba 90 pansi pake Proved udule mizere iwiri.

Osadziwa kuti mmawa anzake a benchi yonse akopera, eti akuti ansala za munthu wa 2 points. Asala ataona zopusa zofanana mmakope onsewo anati abwere kholo, achemwali nkuti achimwene pitani nokha, si inu mphunzitsi?

Ndimayesa tikakambirana mu ofesi, ayi ndithu, anandilowetsa mkalasi nkundipatsa choko mwaulemu wonse, akuti bambo tithandizeni njira yachiduleyo ana aphunzire. Ndinalemba thukuta likutsika mmsana. Ndisanamalize kamtsikana kena kakutsogolo kanaimika mkono nkuti tiike x akhale 1, pamwamba pabwera −8, pansi 4, ndiye −2, koma ya malume ikupereka −3. Kalasi yonse phwaa kuseka, mpaka a Fomu 1 kusuzumira pa windo. Kenako kanandilanda choko nkulemba (x − 3)(x + 3) pamwamba, x(x + 3) pansi, kukansela bulaketi yonse, kutsala (x − 3) pa x. Za circle zija kanangojambula mzere kuchoka pakati O kufika pa C, akuti OA, OB ndi OC ndi ma radius ofanana ndiye pali ma isosceles triangle awiri, angle ya pa A ikhale a, ya pa B ikhale b, ya pa C ikhala a + b, zitatuzi zikwane 180°, choncho a + b ndi 90°. Protractor sikanayigwire nkomwe.

Asala pondiperekeza anangoti bambo mwapita bwino, koma tsiku lina mudzationetseko satifiketi ija ilimbikitse ana. Ndinawauza kuti inadyedwa ndi chiswe, mwana wa achemwali ali kumbuyo nkuti ayi malume, ili mu sutikesi ya agogo, ndibweretsa mawa.