Khoma la ku Chicago ndi ng'oma za ku Bahia: zomwe ndaphunzira teremu ino

Teremu ino takhala tikuphunzira za luso lomwe eni ake ndi anthu wamba a m'dera, komanso mmene limalumikizira Africa ndi ana ake omwe ali kutsidya kwa nyanja. Pa zonse zomwe tawerenga, funso lomwe landikanirira m'mutu ndi limodzi: ng'oma zikaleka kulira, alendo atabwerera kwawo, anthu a pamalopo amatsala ndi chiyani?

Mu 1967, ojambula akuda a OBAC, bungwe lolimbikitsa chikhalidwe cha anthu akuda a ku America, anajambula nkhope za anthu akuda otchuka monga Malcolm X, Marcus Garvey ndi Muhammad Ali pakhoma la nyumba ina yakale kum'mwera kwa mzinda wa Chicago. Khomalo analitcha Wall of Respect. Posakhalitsa linasanduka bwalo. Anthu ankasonkhana pamenepo kudzamvera ndakatulo ndi nyimbo, kukambirana za tsankho, ndipo ankalilondera ngati chuma chawo. Nyumbayo inapsa mu 1971, koma nthawi imeneyo makoma otere anali atafalikira kale m'mizinda yambiri ya ku America. Mmodzi mwa ojambulawo, Jeff Donaldson, anayambitsa nawo gulu la ojambula akuda la AfriCOBRA mu 1968, ndipo ndi yemweyo amene anatsogolera aluso a ku America kupita ku Lagos ku FESTAC, chikondwerero cha luso ndi chikhalidwe cha anthu akuda a padziko lonse, mu 1977.

FESTAC ndiye nkhani yomwe tinakangana kwambiri m'kalasi. Kukula kwake n'kosakanika: mwezi wathunthu, aluso zikwizikwi ochokera m'mayiko oposa 50, Miriam Makeba, Stevie Wonder ndi Gilberto Gil mumzinda umodzi. Kwa ambiri obadwira kunja, aka kanali koyamba kuponda nthaka ya makolo awo, ndipo zimenezi si zazing'ono. Koma mwini phwandolo linali boma la asilikali la ku Nigeria, lomwe linkamwaza ndalama za mafuta. Fela Kuti, woimba wotchuka wa ku Nigeria komweko, anakana kutengako mbali. Iye ankaimba ku Shrine, malo ake omwe, n'kumadzudzula bomalo poyera, ndipo alendo ambiri a chikondwererocho ankakhamukira komweko usiku. Patangopita masiku ochepa chikondwererocho chitatha, asilikali anakatentha nyumba yake ya Kalakuta. Anzanga ena amati FESTAC tiziiyamikira chifukwa cha maubale omwe inamanga. Ine sindikana, koma boma lomwe likutamanda chikhalidwe cha anthu akuda masana, kenako n'kukamenya woimba wake yemwe, latiuza lokha luso lomwe limafuna: lovina, losafunsa mafunso.

Chomwe chinandigwira mtima kwenikweni chili ku Brazil. Mumzinda wa Salvador, m'chigawo cha Bahia, anthu ambiri ndi zidzukulu za Aafirika omwe anatengedwa ukapolo, komabe magulu otchuka a carnival, chikondwerero cha pachaka chovina m'misewu, ankawakaniza kulowamo. Mu 1974 achinyamata a m'dera la Curuzu anayambitsa gulu lawolawo, Ilê Aiyê, ndipo chaka chotsatira analowa mumsewu ndi ng'oma zawo. Manyuzipepala ena anawanena kuti atsankho ndi iwowo. Sanabwerere m'mbuyo. Chaka chilichonse amasankha mutu, kawirikawiri dziko la mu Africa kapena mbiri ya anthu akuda, n'kuufufuza bwinobwino. Opeka nyimbo amatenga zomwe zafufuzidwazo, osoka nsalu nawonso chimodzimodzi, moti mwana amene sanamvepo za Angola kapena Mali kusukulu amazimva akuvina. Carnival ndi ya masiku ochepa chabe, koma gululi lili ndi sukulu ya ana a m'deralo yomwe imadziwika ndi dzina la Mãe Hilda, mayi yemwe anali mtsogoleri wawo wauzimu. Lamulo lokakamiza sukulu za ku Brazil kuphunzitsa mbiri ya Africa linabwera mu 2003, anthu a ku Curuzu atayamba kalekale.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti mlatho wolumikiza Africa ndi ana ake a kutsidya suyenda mbali imodzi. Ku Bahia ankayang'ana ku Africa, pamene achinyamata a ku Lagos ndi ku Johannesburg ankamvera nyimbo ndi kuwerenga zolemba za akuda a ku America. Aliyense ankafuna kwa mnzake chomwe ankachisowa kwawo.

Za masiku ano tinangodutsamo mothamanga, zomwe zinandidandaulitsa pang'ono. Kehinde Wiley, wojambula wobadwira ku America, anatsegula Black Rock ku Dakar, likulu la Senegal, mu 2019, malo omwe aluso a m'mayiko osiyanasiyana amakakhalako kwa kanthawi akugwira ntchito. Chaka chomwecho Ibrahim Mahama, waluso wa ku Ghana, anatsegula malo a zaluso otchedwa SCCA ku Tamale, kumpoto kwa Ghana, pogwiritsa ntchito ndalama zomwe amapeza akagulitsa ntchito zake kunja. Pamalo ake ena otchedwa Red Clay anaikapo ndege zakale zomwe ana amaphunziriramo. Njira ziwirizi n'zosiyana: ina ikubweretsa aluso kwa aluso anzawo, ina ikubweretsa ana a pamudzi pakhomo pa luso. Nkhani yanga ya kumapeto kwa teremu ndailembera pa kusiyana kumeneku, ndipo ndatsamira kwa Mahama, ngakhale aphunzitsi andichenjeza kuti malo omwe amadalira thumba la munthu mmodzi amagwedezeka msika wa zojambula ukangotsika.