Kuwedza mu Shire ulibe bwato

Ndilibe bwato, ndiye ku Liwonde ndimawedza nditaima pamtunda. Nsomba zilipo, chovuta n'kupeza pofikira pamadzi. Gombe lambiri ndi bango ndi namasupuni, kwinako ndi madimba a eni ake. Ukangodutsa m'dimba osaodira, akuyesa wakuba mondokwa. Ine ndimayamba ndapereka moni: "Zikomo bambo, tingadutse nawo?" Kawirikawiri amakulozera okha kanjira, n'kukuuzanso pomwe ng'ona imaothera dzuwa.

Ndimakonda kumunsi kwa Kamuzu Barrage, chapafupi ndi pomwe amayi amachapira. Ukakoleka nyongolotsi ku mbedza, mlamba suchedwa. Koma m'paki ya Liwonde musayerekeze dala, kuwedza n'koletsedwa ndipo oyang'anira nyama sanyengerera. Musaimenso m'madzi, ngakhale olekeza m'akakolo.