Zaka 5 tikulumikiza maofesi, ndipo pulinta ija sitinaiiwale

Mwezi uno bizinesi yathu yakwanitsa zaka 5 ikulumikiza makompyuta, mapulinta ndi makamera m'maofesi. Tinayamba awiri, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi laputopu imodzi ndi kachikwama ka zida. Amene tinakawapempha ngongole anatiuza m'maso muli gwa kuti ntchito yokoka mawaya singabweze ndalama. Sitiwatchula, akudzidziwa okha.

Chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa chinachitika chaka chachiwiri, pa ofesi yaikulu yoyamba kutikhulupirira. Chipangizo chilichonse chikalowa pa netiweki chimapempha adilesi ya IP, nambala yoti chizipezeka nayo, kwa seva ya DHCP, pulogalamu yogawa manambalawo, imene nthawi zambiri imakhala mu rauta, kabokosi kolumikiza zipangizo zonse. Sevayo imangobwereketsa adilesiyo kwa nthawi yoikika, ndipo nthawiyo ikatha nambala ikhoza kupita kwa wina. Foni sizidandaula nazo zimenezi. Koma pulinta imafunika kupezeka pa nambala imodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa makompyuta onse amaifunafuna pamenepo.

Ife tinachita zachidule. Tinalemba pamanja 192.168.1.50 mu pulintayo, osaganiza kuti nambalayi ili m'gulu la zimene rauta imagawa. Tsiku lina m'mawa pulinta isanayatsidwe, foni ya mlendo inapatsidwa nambala yomweyo. Zipangizo ziwiri, adilesi imodzi. Pulinta inkaoneka n'kusowanso, tsiku lomwe eni ofesi ankafuna kusindikiza mapepala a malipiro. Ndimakumbukirabe nditagwada pansi pa desiki, thukuta lili kamukamu, ndikusintha waya umene unalibe vuto lililonse, abwana a pa ofesipo ataima kumbuyo kwanga osalankhula kanthu. Tinapeza gwero lake patatha masiku atatu. Ntchito inatithera, ndalama tinabweza, ndipo mng'ono wanga anafuna kusiya.

Kuchokera pamenepo sitilembanso nambala mwachisawawa. Chipangizo chilichonse chili ndi adilesi ina imene chimabwera nayo kuchokera kufakitale, yotchedwa MAC, ya zilembo ndi manambala 12, imene kawirikawiri imalembedwa pa kapepala komatidwa kumbuyo kapena kunsi kwake. Timatenga MAC imeneyo n'kuiuza seva ya DHCP kuti mwini wake azipatsidwa IP yakutiyakuti nthawi zonse, wina aliyense asaikhudze. Magetsi athime, rauta iyambirenso, pulinta imabwerera pamalo pake. Zonse timazilemba m'kaundula amene timasiyira kasitomala, kuti ngakhale ataitana katswiri wina asayambire pansi. Mafoni okha ndiwo amafuna kusamala, poti kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, amadzipangira MAC yongopeka pa Wi-Fi, ndiye tikafuna kuisungira adilesi foni, timayamba taona zimenezo.

Kwa amene munatigulitsa marauta oiwala zonse akangozimitsidwa, n'kutiuza kuti vuto ndi lathu, dziwani kuti pano rauta iliyonse timaiyesa kaye isanafike kwa kasitomala.

Kuthokoza kwanga kupite kwa mng'ono wanga amene sanachoke, kwa mkazi wanga amene anapirira masiku ofika kunyumba pakati pa usiku, ndi kwa anyamata ndi atsikana amene akwera nafe makwerero zaka zonsezi. Ndikuthokozanso kasitomala amene anatipatsa ntchito atamva kale za kulephera kwathu kuja, n'kutiuza kuti munthu amene wapsapo ndiye amasamala moto. Inu nonse amene mwatitchula kwa anzanu, zikomo kwambiri, bizinesiyi mwaikuza ndinu.

Ngati pulinta ya ku ofesi kwanu imasowasowa, kapena makamera amasiya kuoneka magetsi akabwera, musathamangire kugula zatsopano. Tiitaneni tidzaone mmene adilesi zikugawidwira. Tidzasungira chipangizo chilichonse nambala yake, ndipo kaundula tidzakusiyirani m'manja.